Tsiku Limene Bambo Anameta Hatchi

Ndikukumbukira fungo la khola la Mayi Maureen kuposa mmene ndikukumbukirira nkhope yawo: udzu wouma, ndowe za hatchi zikadali zofunda, chikopa cha zishalo, ndi matope akuda aja amene amagwira nsapato ngati ali nawe chifukwa. Kholalo linali kuseri kwa mudzi wa Anstey, kuno ku England. Kuchokera kwathu ku Beaumont Leys ndinkakwera basi imodzi, kenako n'kuyenda wapansi m'kanjira ka pakati pa minda, mphepo ikundiluma makutu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo panali patatha zaka ziwiri chichokereni ku Ndirande.

Kusukulu anasankha ana asanu oti Loweruka lililonse azikaphunzira kusamala hatchi. Ine anandiikamo chifukwa aphunzitsi ankati ndine mwana wosalankhula, mwina nyama zinganditsegule pakamwa. Sankadziwa kuti kusalankhulako linali lamulo la kunyumba. Nkhani yathu ya mapepala inali isanathe. Boma linali lisananene ngati tikhale kapena tibwerere, ndipo podikirapo bambo ndi mayi sankaloledwa kugwira ntchito ina iliyonse. Bambo anandipatsa malamulo atatu: usasayine kanthu, usauze munthu za kwathu, ndipo munthu akakusekerera kwambiri udzifunse kuti akufuna chiyani. Ndinali wophunzira wabwino. Mayi ogawa chakudya kusukulu akandiwonjezera tchipisi, ndinkadya ndikuwayang'ana cham'mbali. Mpaka lero munthu akandiyamikira nsapato, ndimayamba ndaona pamene pali chikwama changa.

Amene sindinkamukayikira anali mmodzi yekha, ndipo anali ndi miyendo inayi. Dzina lake Toffee. Anali poni, mtundu wa hatchi zazifupi zija zimene ana amaphunzirirapo kukwera, wofiirira, wamimba ngati mtsuko, wokalamba ndiponso waulesi mosabisa. Mayi Maureen, eni khola, anandipatsa ine kuti ndizimusamala. Ndinkamupesa, kumuchotsa matope m'ziboda, n'kumamuuza m'Chichewa zonse zimene kunyumba sindikanatha kunena: kuti ndatopa n'kunong'ona, kuti bambo amaswera pawindo tsiku lonse kuyang'ana mabasi. Iye ankangotafuna udzu wake. Sabata yonse ndinkakhalira Loweruka limenelo. Koma bambo anali atavomera monyinyirika, ndipo anali atanena poyera kuti tsiku limene adzanunkhize chachilendo kukholako, ulendo wanga udzathera pomwepo.

Chachilendocho chinabwera m'mwezi wa Okutobala. Kuzizira kutayamba, Toffee anamera ubweya wambiri moti chala chinkalowa chonse osafika pakhungu. Ine ndinkaona kuti ndi zabwino, Mulungu wamupatsa jekete. Ndiye tsiku lina Mayi Maureen anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti nthawi yometa hatchi yakwana. Ndinayang'ana anzanga kuti ndione ngati akuseka. Palibe anaseka. Kumeta nyama chisanu chili pakhomo? Kwathu Juni akafika munthu umawonjezera juzi, suvula malaya. Iwo anafotokoza kuti hatchi yogwira ntchito imatuluka thukuta pansi pa ubweya wautaliwo, ubweyawo suuma msanga, ndiye imaima pamphepo ili yonyowa, n'kuyamba kutsokomola ndi kuwonda. Choncho amameta malo amene thukuta limachuluka, n'kuifunditsa bulangete lake ikamaliza ntchito. Ndinamva ndi khutu limodzi. Linalo linkafufuza chimene akubisa.

Kenako anandipatsa pepala. Linali ndi zithunzi za hatchi zinayi, iliyonse yodetsedwa malo osiyana kusonyeza pometa. Yoyamba anangoimeta pansi pa khosi ndi pachifuwa. Yachiwiri anapitiriza mpaka pamimba ndi chamunsi mwa nthiti. Yachitatu anaisiyira ubweya pamsana ndi m'miyendo mokha, ngati yafunda kansalu, ndipo yomaliza anaimeta mpala thupi lonse. Anati Toffee ndi wanga, ndikasankhe ndekha kametedwe komuyenera. M'munsi mwa pepalalo munali mzere woti kholo lisayine, popeza mashini ometera ndi amagetsi ndipo mwana amaima pafupi.

Apa ndiulule. Ngakhale ndinkakayikira nkhani yonseyi, mtima wanga unali ndi mbali ina yokonda zooneka. Pakholapo pankabwera atsikana ena pa magalimoto a makolo awo, eni hatchi zawozawo, zazitali, zometedwa mpala, zonyezimira ngati nsapato za paukwati. Toffee ankamutcha kapeti, ndipo zinkandiwawa kuposa akanandinena ine. Ndili m'basi ndinatulutsa cholembera n'kuzunguliza hatchi yampala ija, ndikuti ngati kuli kumeta, timete zoti aone.

Bambo anga ntchito yawo inali yometa anthu. Ku Ndirande anali ndi kababashopu kamalata pafupi ndi msika, kokhala ndi galasi long'aluka pakona, ndipo Loweruka anthu ankadzaza benchi kudikira dzanja lawo. Mashini awo anabwera nawo ku England atawakulunga m'thawulo, koma ankangodzimeta okha kubafa, chitseko chokhoma. Ngakhale anzawo a kutchalitchi akawapempha ankakana, kuopa kuti wina angakanene kuti akugwira ntchito. Ndiye ndinkaganiza kuti nkhani ya kumeta iwasangalatsa. Anavala magalasi n'kuliyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kumene kunalibe kanthu.

"Tadala, chithunzi ngati ichi tinachiona kuti?"

Ndinati sindikudziwa.

"Kubutchala, ku Spinney Hill kuja timagula mbuzi. Pakhoma pali ng'ombe yolembedwa mizere chonchi. Apa nthiti, apa steki."

Mayi, amene ankadula anyezi, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Koma chaka chimenecho kunali manong'onong'o akuti nyama ya hatchi ikupezeka m'zakudya za m'masitolo, choncho kusekako sikunapite patali. Bambo anadikira kuti mayi amalize, kenako anatulutsa ganizo lawo lenileni.

"Mayi a Tadala, tamverani. Dziko lino galu akangolira kawiri, aneba amaimbira polisi. Ndiye mzungu akuuza mwana wanga kuti avule nyama jekete mu winta, ine ndisayine pansi. Ikafa ndi chibayo, dzina lili papepala ndi la ndani? Atiripota kuti timazunza nyama, kesi yathu yathera pomwepo."

N'zoseketsa kuzikumbukira lero, koma tsiku limenelo ndinaona kuti bambo akunena zanzeru. Ndinayamba kukumbukira zabwino zonse zimene Mayi Maureen anandichitira, chilichonse n'kusanduka nyambo. Anandipatsa magolovesi osandiuza chifukwa. Ankanditchula kuti "me duck", kutanthauza kuti bakha wanga, monga amachitira anthu a kuno ndi aliyense, koma ine ndinayamba kudzifunsa kuti kodi bakha amamunenepetsera chiyani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe bambo atanena kuti sasayina, ndipo Loweruka ndisapitenso, ndinalira kulira kwenikweni, kwa mamina.

Anandipulumutsa ndi mayi. Anati munthu amene anameta mitu ya theka la Ndirande, kuphatikizapo ya zidakwa ndi ya ana oluma, sangaweruze kumeta kumene sanakuone. Apite akaone ndi maso awo. Bambo anavomera, koma anaika malire: akakangoona kanthu kamodzi kosawakomera tikabwerera limodzi, ndipo dzina la Toffee lisadzatchulidwenso m'nyumbamo.

Loweruka anavala suti ya kutchalitchi ndi nsapato zopolisha. Ndinawauza za matope, iwo n'kuti munthu wopita kwa anthu osawadziwa azioneka kuti ali ndi kwawo. Pofika pageti nsapatozo zinali zitalemera kawiri. Anapereka moni waulemu kwa Mayi Maureen, mayi wamfupi wa imvi ndi manja okhakhala, anakana tiyi, anakana mpando, n'kuima pampanda manja kumbuyo. Maso awo ankayenda paliponse: pa zitseko, pa ngolo yonyamulira hatchi imene inaima pakona, pa kamera ya padenga. Ine ndinakwera Toffee kwa ola lathunthu, kuyenda, kuthamanga pang'ono, kudumpha timitengo tiwiri tapansipansi. Sindinakwerepo mosamala ngati tsiku limenelo.

Nditatsika n'kuchotsa chishalo, Toffee ankafuka nthunzi. Mayi Maureen anaitana bambo kuti adzamugwire. Bambo anali asanakhudzepo hatchi chibadwire, ndipo anayandikira cham'mbali, ngati munthu wofika pakhomo pamene pali galu wa eni. Analowetsa dzanja pansi pa khosi. Linatuluka lonyowa. Anagwira pachifuwa, pakati pa miyendo yakutsogolo, pamimba: ponse chinyontho, ubweya utamatana. Kenako anagwira pamwamba pa matako ndi m'miyendo, n'kupeza pouma. Ananunkhiza zala zawo. Anabwerezanso ulendo wonsewo pang'onopang'ono, tsopano osaopa, akutsegula ubweya ndi chala chachikulu kuti aone kumene ukugonera. Nkhope imeneyo ndinaidziwa. Sikuti anali atayamba kukhulupirira munthu ayi, anali atangokumana ndi mutu wofunika kumeta.

Anayamba kuwafunsa mafunso Mayi Maureen, m'Chingerezi chawo cha kusukulu ya mishoni. Amagwira ntchito masiku angati pa sabata? Anayi. Amathamanga kwambiri? Ayi, monga mwaoneramu, ola limodzi kapena awiri. Amagona kuti? M'khola, koma masana onse amakhala panja kubusa, kaya kuli mvula kaya mphepo. Ali ndi mabulangete angati? Awiri, lopepuka ndi lolemera. Anali mafunso omwe aja ankafunsa anthu awo ku Ndirande asanayatse mashini: mumagwira ntchito padzuwa kapena mu ofesi, mumavala chipewa, nanga akunyumba amakonda zotani? Atatha, anatulutsa pepala lija m'thumba n'kuloza hatchi imene ndinaizunguliza, imene kunyumba sanainenepo kanthu. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Iwe, nkhalamba iyi imaswera panja tsiku lonse, ndiye ukufuna kuimeta mpala? Kuti anzako aone? Ukamaliza kuonetsako iweyo ukakhala pa hita, mnzakoyu ali pamphepo."

Ndinayang'ana pansi. Ndinafunsa ngati ndiye tingomusiya osameta, monga ankafunira iwo kunyumba.

"Ayi. Wanyowa. Munthu sagona ndi malaya onyowa."

Chala chawo chinadutsa hatchi yoyamba, ya khosi ndi chifuwa, akuti imeneyo ndi ya hatchi yongoyenda kokacheza, mimba ya Toffee ikhalabe yonyowa. Chinadutsa ya kansalu pamsana, akuti pamenepo achotsa zambiri, n'zoyenera yothamanga tsiku ndi tsiku. Chinaima pa yachiwiri: kumeta pansi pa khosi, pachifuwa, pamimba ndi chamunsi mwa nthiti, n'kusiya msana, matako, mutu ndi miyendo. Mayi Maureen anawomba m'manja kamodzi, n'kunena kuti kametedwe kameneko amakatcha trace, ndipo n'kamene iwonso akanasankhira poni wa ntchito yapakatikati ngati Toffee. Ndinaganiza kuti bambo akondwa. M'malo mwake anawerama n'kundinong'oneza m'Chichewa kuti ngati mayiwa ankadziwa kale, ankafunsiranji mwana? Nanga avomereranji msanga chonchi?

Ubweya wonyowa sumetedwa, choncho tinayamba kudikira kuti aume. Tinamupukuta ndi matawulo akale, kumufunditsa, kumuyendetsa pabwalo. Dzuwa lofooka lija linafika pakati n'kuyamba kupendeka, Toffee akadali wachinyezi pachifuwa. Bambo ankayang'ana wotchi, kenako n'kugwira ubweya, n'kuyang'ananso wotchi. Sananene kuti Mayi Maureen ankanena zoona, koma anasiya kuyang'ana kamera ya padenga. Atauma tinamulowetsa m'khola n'kumupesa mpaka fumbi lonse litatha. Mayi Maureen anatenga choko n'kulemba mzere kuyambira pakhosi mpaka chakumbuyo, n'kuponya chingwe pamsana kuti mbali zonse zifanane. Bambo anandigunda ndi chigongono, ine n'kudziwa kuti akumbukira kubutchala. Popeza pepala linali losasayinidwa, ine anandiimika kunja, kuseri kwa chitseko chofika m'chiuno, ndipo chingwe cha Toffee anapatsa bambo kuti agwire.

Mashini a hatchi ndi aakulu, odzaza dzanja lonse. Atangowayatsa, Toffee anadzutsa mutu, makutu kumbuyo, n'kuyamba kupondaponda. Mayi Maureen anati chaka chilichonse imakhala nkhondo yomweyi, Toffee amadana nawo mashini. Bambo sankayang'ana hatchi. Anapendeketsa mutu n'kumamvetsera mashiniwo, nkhope itakwinyika ngati ya munthu amene akumva kwaya ikusemphana mawu. Anapirira mphindi zingapo. Kenako anavula jekete n'kundipatsira pamwamba pa chitseko, n'kupempha mwaulemu kuti angowaona pang'ono. Anati sakudula, akuzula. Anamasula mano ake, kuwatsuka ndi kaburashi, kuthira mafuta, kuwabwezera, n'kumapotoza kasikuluwu ka pamwamba pang'onopang'ono, khutu lili pafupi, mpaka kulira kokalipa kuja kunasanduka kung'ung'udza. Kenako anaika dzanja lamanzere paphewa la Toffee, mashini pamwamba pa dzanjalo, kuti kunjenjemera kumufike kudzera mwa iwo, monga ankachitira ndi ana ometedwa koyamba. Toffee anapumira m'mphuno n'kutsitsa mutu. Palibe amene anawauza bambo kuti ayambe, ndipo ndikukhulupirira kuti iwonso sanadziuze. Ndinangoona ubweya ukugwa.

Kametedwe kawo kanali kachilendo kwa Mayi Maureen. Ankachotsa pang'ono kumanzere, n'kuzungulira kukachotsa chimodzimodzi kumanja, n'kubwereranso. Anamaliza khosi ndi chifuwa mbali zonse asanakhudze mimba. Mayi Maureen anafunsa chifukwa chake sakumaliza kaye mbali imodzi kuti asavutike n'kuzungulira. Bambo anayankha osatukula mutu kuti kwathu magetsi satsanzika. Amatha kuzima uli pakati pa mutu wa munthu, osabweranso mpaka mawa. Wometa wopupuluma, amene amasesa mbali imodzi yonse, amatumiza kasitomala kumsika ndi theka la mutu, ana akumulondola pambuyo. Wometa wodzilemekeza amakwera pang'onopang'ono mbali zonse, kuti paliponse pamene mdima ungamupeze, mutu ukhale woti n'kuyenda nawo pamsewu. Mayi Maureen anaseka, n'kunena kuti odziwa kumeta hatchi zamantha amachitanso chimodzimodzi, popeza ubweya ukhoza kuchotsa wina mawa koma sungaumatenso.

Ndinatsamira chitseko n'kumaonerera. Ubweya unkagwa m'mipukutu yofewa pa nsapato zamatope zija. Pansi pake pankatuluka Toffee wina, wosalala, wotuwa ngati mbewa. M'kholamo munadzaza fungo la mafuta a mashini, lomwe lija la m'kababashopu ka ku Ndirande, ndipo bambo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Ankaima pafupipafupi kuyesa kuseri kwa dzanja ngati mano atentha, kuthira mafuta, kukoka khungu pamene lakwinyika kuti asamucheke. Toffee anagwetsa mlomo wam'munsi n'kuyamba kuwodzera. Kwa zaka ziwiri ndinali nditazolowera kuona msana wa bambo uli pawindo, wopindika. Tsiku limenelo unali msana wa munthu wodziwa chochita. Ndinasangalala kwambiri, mpaka ndinachita mantha.

Kenako panamveka kaphokoso kakang'ono, kamene foni imachita ikajambula.

Bambo anadzuka kuchokera mbali imene anawerama, n'kuona Mayi Maureen ali ndi foni m'manja, akumwetulira. Anazimitsa mashini n'kuwaika mofatsa pa mtolo wa udzu. Anatsitsa manja a malaya, kumanga mabatani, n'kulandira jekete. Mayi Maureen anafunsa chimene chalakwika, akuti kwangotsala pang'ono kufika pamzere wa choko. Bambo anawathokoza ndi ulemu waukulu, ulemu uja umene kwathu umatanthauza kuti zatha. Kenako anati, "Tadala, tiye."

Ndisanachoke pachitseko ndinamuyang'ana Toffee. Anali wometedwa khosi, chifuwa ndi mimba, mbali zonse mofanana, mzere wake uli chikhatho chimodzi m'munsi mwa choko. Munthu wosadziwa sakanaganiza kuti ntchito yasiyidwa panjira.

Pa siteji ya basi bambo anayamba kutola ubweya pa suti, kamodzikamodzi, n'kumautaya kumphepo.

"Waona? Nyambo inali imeneyo. Munthu wosaloledwa kugwira ntchito, mashini ali m'manja, pachithunzi. Ndani angamve zoti ndimangothandiza?"

Maloweruka atatu ndinakhala kunyumba. Sindinapemphe n'komwe. Ndinkakhala pampando n'kumawazenga mlandu Mayi Maureen mumtima. Ndinatsimikiza kuti mashini aja anawaumitsa dala, podziwa kuti wometa weniweni sangapirire kuwamva akulira choncho. Koma ganizo limenelo linkandifikitsa pamalo amene sindinkafuna kufika: akanadziwa bwanji kuti bambo ndi ometa? Ndinali nditawauza ine. Tsiku lina ndikupesa mchira wa Toffee anandiyamikira dzanja, ine n'kutulutsa mawu monyada kuti ndinatengera bambo. Lamulo lachiwiri ndinaliswa ndekha. Chinsinsi chimenecho ndinachisunga ndekha. M'mawa uliwonse kachitseko ka makalata kakalira, tonse atatu tinkasiya zimene tikuchita. Mayi ankati chakudza sichiimba ng'oma, tizingodya n'kugona, koma nawonso ankafika pachitsekocho msanga kuposa kale.

Envelopu inabwera Lachinayi, ya khaki, mtundu womwe uja wa makalata a boma. Kuseri kwake kunali dzina la Mayi Maureen, lolemba pamanja. Bambo anafunsa kuti adilesi yathu anthu a hatchi aipeza kuti, ngati kuti sukulu sinkadziwa kumene timakhala. Anaiika pamwamba pa firiji. Inakhala pamenepo masiku awiri, tonse tikuilambalala ngati njoka yogona. Loweruka m'mawa mayi anatopa nazo, anatenga mpeni wa kukhitchini n'kuing'amba.

Munali chithunzi ndi kakalata. Mayi Maureen analemba kuti sakudziwa chimene analakwa, koma akupepesa. Anati Toffee anamusiya mmene bambo anamusiyira, osawonjezera ngakhale pang'ono, ndipo zakwanira: tsopano amauma asanamalize n'kudya komwe, msana wake uli wofunda kubusa. Chithunzicho anati anajambula chifukwa chiyambire sanaonepo mzere wowongoka choncho pa hatchi. Anamaliza n'kunena kuti Toffee amandidikira pageti. Limenelo ndinadziwa kuti ndi bodza, Toffee ankadikira aliyense wonyamula ndowa, koma ndinalilandira.

Bambo anatenga chithunzicho n'kupita nacho pawindo. Anachiyang'ana kuyambira pakona ina mpaka pakona ina, akuchipendeketsa kuti kuwala kugwerepo bwino. Ankafuna nkhope yawo, dzanja, nsapato, ngakhale mthunzi wawo pakhoma. Nthawi imene foni inalira iwo anali atazungulira mbali inayo, ndipo Mayi Maureen anayandikitsa kamera pa mzere wokha. Munali Toffee basi, kuyambira pakhosi mpaka pamimba.

Pamenepo ndinaulula kuti ndine ndinawauza Mayi Maureen za ntchito yawo. Ndinalankhula mofulumira, maso ali pansi, ndikudikira chilango. Bambo anafunsa maso akadali pachithunzi.

"Unawauza kuti ndine wometa basi, kapena wometa wabwino?"

Ndinati wabwino kuposa onse a ku Ndirande.

"Chabwino. Bola sunaname."

Anandilola kubwerera. Pepala sanasayine ndithu. Anasayina ndi mayi, bambo atatuluka dala kukataya zinyalala. Bambo kukholako sanapondekonso, ankati chithunzi chimodzi taona, koma foni ya munthu sudziwa muli zingati. Ubweya utameranso chaka chitangoyamba, Mayi Maureen anatumiza uthenga wowapempha kuti abwere. Bambo anandituma ndi malangizo m'malo mwake: mafuta pafupipafupi, kasikuluwu asamange kwambiri, ayambe ndi khosi. Nditabwerako anandifunsa mmene mzere watulukira. Nditawauza kuti wakhota chakumbuyo, anapukusa mutu mokhutira n'kupempha tiyi.

Mapepala anabwera nditatsala pang'ono kumaliza sekondale. Pofika nthawi imeneyo dzanja lamanja la bambo linali litayamba kunjenjemera ndi matenda, losatha kugwira ngakhale kapu yodzaza. Mnzawo wina anawapatsa mpando m'shopu yake yometera cha ku Evington. Anapita tsiku limodzi, anakhala pabenchi n'kumaonerera anyamata akumeta, n'kubwerera osayatsa mashini. Anatisiya zaka zitatu zapitazo.

Lero zinthu zinasintha. Kuzizira kukayamba ndimayenda m'makola kuyambira ku Melton mpaka ku Loughborough kumeta hatchi za anthu, ndi mashini a batire opanda chingwe, ofatsa moti hatchi zina sizitukula n'komwe mutu. Eni ake amandijambula mmene akufunira, ine n'kumwetulira, n'kuika zithunzizo pa intaneti ndi dzina langa lonse. Ana a Amalawi amene ndimakumana nawo kutchalitchi amajambula chilichonse, mpaka mbale ya chakudya, ndipo ndikawauza kuti ife tinkaopa foni ndi envelopu, amandiyankha m'Chingerezi kuti ndikukokomeza. Sindiwakwiyira, n'zimene tinkadikira, ngakhale ndikudziwa kuti m'mafulati a ku Beaumont Leys, mmene tinkakhala ife, muli ena amene akudikirabe.

Pa zaka zonse zimene bambo anakhala dziko lino, chithunzi cha ntchito ya manja awo ndi chimodzi chokha, ndipo ndi cha hatchi. Ndili nacho ine. Ndikawasowa ndimapita nacho pawindo n'kuchiyang'ana kuyambira pakona ina mpaka pakona ina. Ndimafuna chala, nsonga ya malaya, mthunzi pakhoma, chilichonse. Koma bambo anayang'ana bwino tsiku lija. Mulibemo.